Dzenje la Kuseri Kwathu

Magazi atagwirana m'mwendo, amuna anga, bambo a Kudzai, anapatsidwa mapiritsi osungunula magazi. Chiyambireni, akayamba kamfuno sasiya msanga. Nsanza zawo zopukutira magazi ndimachapa ndine, m'beseni, nditatseka mphuno. Magazi a munthu sataya poyera, ndiye kukada ndimakakhuthula madziwo m'dzenje limene okumba miyala ya kromu analisiya kuseri kwathu ku Lalapanzi.

Lachiwiri ndinakhuthula n'kudikira kuti ndimve madzi akugwera pansi. Sanamveke. Ndinangomva kumeza, gudyu gudyu, kenako kunyambita milomo. M'dzenjemo munatuluka mawu a nkhalamba.

"Mai Kudzai, masiku ano magazi akubwera amadzimadzi. Auzeni amuna anu aleke mapiritsiwo."

Ndinalavula n'kubwerera osacheuka.

Ndinapeza bambo a Kudzai atakhala pabedi, kabotolo ka mapiritsi kali m'manja, kosatsegula.

"Imwani," ndinatero. "Anesi ananena kuti mukadumphitsa, magazi ogwiranawo athamangira kumapapo."

Anakankhira kabotoloko pansi pa bedi, osandiyang'ana.

"Ndasiya," anatero. "A m'dzenje akuti magazi anga sakukoma."