Dzanja Lili M'mwamba Pakhomo

Chitseko chitatseguka, mwanayo anachita ndendende zimene ankayeserera ndi mayi ake kwa masabata atatu. Anayang'ana pamphuno pa mwininyumba, poti kuyang'ana m'maso mwa munthu sankatha, n'kutambasula dzanja.

"Muli bwanji, amayi? Zikomo pondiitana."

Mayi ake anaima kumbuyo kwake. Pa zaka zake zisanu ndi ziwiri zonsezi, aka kanali koyamba mwana wawo kuitanidwa kuphwando la mnzake wa m'kalasi.

Mwininyumba sanalandire dzanjalo. Analankhula ndi mayiwo ngati mwanayo palibe.

"Ndi uyu wa otizimu uja, vuto la muubongo lolephera kucheza ndi anzake lija? Aa, inu, makadi tinangogawa kalasi yonse poti aphunzitsi anatikakamiza. Zoti mungabweredi sitinaziganize n'komwe. Taimani pompo, ndimukulungire keke akadyere kwanu."

Chitseko chinatsekedwa. M'katimo chibaluni chinaphulika, ana n'kuseka. Mwanayo anadzidzimuka, koma dzanja sanatsitse. Mayi ake ndi amene anamuphunzitsa kuti dzanja satsitsa mpaka munthu atalilandira.

"Amayi," anatero kwa mayi ake osatembenuka, "ndakhoza eti? Ndizidikirabe?"