Dzanja la ulemu la Nkhanu

Padangokhala Nkhanu ndi Gulo, onse awiri akufuna mwana wa a Fulu. A Fulu anati, "Mkamwini wanga akhale wamphamvu. Mwezi ukaoneka, amene ayambe kufika pakhomo panga atasenza mwala wa mphero, mkazi ndi wake."

Gulo anayamba kudzikankha m'mwamba ndi pansi pathanthwe ndi manja onse awiri, miyendo nayonso osaiiwala, akatopa n'kupuma. Nkhanu ankanyamula miyala ndi dzanja lamanja lokha.

"Achimwene, lamanzerelo mukusungira ndani?" anafunsa Gulo.

"Ine ndinaleredwa bwino, iwe. Zinthu za apongozi sagwira ndi lamanzere."

Dzanja lamanja lija linakula mpaka kuposa mwini wake. Pogona, Nkhanu ankalisiyira mphasa yonse, iye n'kugona pansi.

Tsiku litafika, Nkhanu ananyamula mphero ngati chitumbuwa, nyama zonse n'kuwomba m'manja. Anayang'ana khomo la a Fulu, n'kuponya mwendo. Koma dzanja lija linamukokera cham'mbali. Anadutsa nkhokwe, anadutsa bafa, maso ali kwa namwali koma thupi likupita kwina, mpaka anakagwera pakhonde la a Chule, mayi wamasiye.

"Mphero yonseyi mwabweretsera ine?" anatero a Chule. "Lowani, bambo, ndikutenthetsereni madzi."

"Mayi, ine ndasochera."

"Malemu aja ankateronso poyamba."

Gulo anafika kwa a Fulu atasenza mphero yake, ali wefuwefu, nakwatira. Nkhanu mpaka lero akuyendabe cham'mbali, ndipo mukamufunsa amati akupita kwa apongozi. Yanga yathera pomwepa.