Mapale a M'munda mwa a Levison

Galimoto yoyera itaima m'mphepete mwa munda, a Levison anavula chipewa n'kuika nkhope ya pamaliro. Mumtima ankaseka.

Munda umenewu ndi umene unawapatsa dzina kwa Chulu konse. Fodya wa m'menemo ankachita masamba ngati makutu a njovu, moti odutsa pa njinga ankatsika kuti aone bwino. Koma mwezi wathawu kunabwera anyamata a zipewa zachikasu n'kukhoma zikhomo zofiira. Ankati msewu aukulitsa, ndipo udzadya mizere ya m'mphepete, mbali ya nthaka yakuda.

A Levison anadandaula paliponse koma panalibe wowamvera. Kenako anamva pa wailesi kuti pamalo pamene papezeka zinthu za makolo akale, ngakhale msewu umakhota. Basi, nzeru inabwera.

Lachinayi masana, akazi awo a Lefina atapita ku mvano, iwo analowa m'khitchini n'kutenga miphika iwiri ndi mtsuko. Anaziphwanya kuseri kwa chigafa. Mapalewo anawapaka mwaye ndi matope, n'kukawakwirira pakati pa zikhomo zija. Dzenjelo anakumba lofika m'chiuno, poti makolo sasiya zinthu pamwamba. Patapita sabata anafukula okha, anakuwa mpaka mudzi wonse unathamangira, ndipo uthenga unakafika ku boma.

Tsono lero m'galimotomo munatsika mayi wamng'ono thupi, wovala majombo, ndi mnzake wamwamuna wonyamula chikwama. Mayiyo anati dzina lake ndi Olive, wa ku ofesi yosunga zakale.

"Takulandirani, amayi," anatero a Levison mawu akunjenjemera. "Ine tulo ndilibe chitulukireni zimenezi. Agogo anga ankanena kuti pano panali mudzi wa anthu otchuka. Ndiye thalakitala idzaponde pamenepa? Ayi, mtima ukundipweteka."

A Lefina anaima chapatali, manja atapinda pachifuwa. Sabata yonse anakhala akukangana ndi mpongozi wawo za miphika yosowa, ndipo nkhope inali isanamasuke.

Olive anagwada n'kutola phale limodzi. Analitembenuza, analikanda ndi chikhadabo, kenako analinunkhiza. Mtima wa a Levison unagunda ngati ng'oma ya pa chinamwali. Koma mayiyo anangoyala thumba pansi, n'kuyamba kusanjapo mapalewo mwaulemu, limodzilimodzi.

Atatha analowa m'dzenje muja. Anatulutsa kachitsulo konga supuni ndi kabulashi, n'kuyamba kupala pansi penipeni. Anapala, anapala, dzuwa likuwotcha. Mwadzidzidzi anasiya.

"Ernest, bwera ndi kamera msanga!" anaitana mnzake uja.

Awiriwo anaweramira m'dzenjemo akunong'onezana. Olive anatuluka mawondo ali fumbi lokhalokha, anaimba foni, ndipo ankalankhula mofulumira ngati munthu amene wabadwitsa mapasa. A Levison analuma mlomo kuti kuseka kusawatuluke. Sukulu yonseyo, digiri ndi galimoto yomwe, zagonja kwa mphika wa ndiwo!

Anthu anayamba kusonkhana. A Levison anawafotokozera zonse: mmene khasu linalirira litagunda phale loyamba, mmene tsitsi linawaimira, ndi maloto amene analota a nkhalamba ya ndevu zoyera ikuwakodola. Nkhaniyo inkakula pakamwa pawo pomwepo, mpaka nkhalamba ija inavala chikopa cha kambuku.

Pamenepo Olive anali akuyenda m'mizere, maso pansi. Apa akumbe pang'ono, apo atole kanthu, uko ajambule. Ernest anatulutsa mpukutu wa chingwe n'kufunsa ngati pangapezeke mitengo yokhomera.

"Mitengo? Musavutike!" anatero a Levison.

Anathamangira ku chigafa n'kukasolola milimo yomwe ankasungira fodya wa chaka chino. Anasongola okha, anakhoma okha, thukuta lili kamukamu. Paliponse pamene Olive waloza, iwo anali atafika kale ndi hamala. Mumtima ankati chingwe chikatalika, msewunso upita kutali. Bwenzi utakadutsa m'munda mwa mlamu wawo Petros, amene anawaseka tsiku la zikhomo lija.

"Bambo a Tawonga, mwadya koma?" a Lefina anafunsa amuna awo.

"Ndidya bwanji makolo ali pa dzuwa?" anayankha mokweza kuti alendo amve.

Dzuwa litapendeka ntchito inatha. Olive anasamba m'manja, anamwa madzi, n'kuitana eni munda pamaso pa anthu onse.

"Abambo, mwachita chinthu chachikulu," anatero. "Ndalankhula ndi akuluakulu. Msewu sudutsa pano."

A Levison anaomba m'manja, mwendo umodzi utayamba kale kuvina. Anayang'ana kumene kunaima Petros n'kumutsinzinira diso.

Olive ananyamula thumba la mapale lija n'kupereka kwa a Lefina. "Awa ndi anu, amayi, akununkhirabe nyemba." Kenako anatembenukira kwa a Levison. "Koma pansi pa dzenje lanu pali ng'anjo yeniyeni imene makolo ankasungunuliramo chitsulo, ndipo zina zandanda mpaka uko. Kuyambira lero, m'kati mwa chingwechi musalowenso khasu."

A Levison anatsatira chingwecho ndi maso. Chinazungulira munda wonse, ndipo mfundo yomaliza anali atamanga okha.