Zala za Maceo Tibbs

Kochi Lyle Brubaker anaimitsa kanemayo, n'kumubweza, n'kumuimitsanso pomwepo. Kenako anayamba kuseka yekhayekha m'chipindamo mpaka khofi anatayikira pa buluku.

"Ndakugwira lero!" anatero, akuloza pakhoma ndi donasi loluma kale.

Pakhomapo pankaoneka dzanja la Maceo Tibbs, mmodzi wa zimphona zisanu zimene zimawerama kutsogolo kuti zikankhe adani ndi kutsegulira njira wothamanga ndi mpira. Ntchito ya Brubaker mu timu ya Toledo inali yomweyo. Timu ikasankha kunyamula mpira m'manja m'malo mouponya, iye ndiye ankayenera kuonetsetsa kuti pali podutsa. Koma chaka chino podutsa panalibe. Wothamanga ankati akangolandira mpira, n'kupeza adani atatu atafika kale, ngati anawatumizira kalata yowaitana. Mayadi awiri, khu! pansi. Tsiku loipa, yadi imodzi. Pa wailesi ya m'tauni anali atayamba kunena kuti munthu atangogwa chafufumimba angapite patali kuposa pamenepo.

Lolemba kochi wamkulu sanachulutse mawu. Anati pofika Lachitatu masana akufuna dzina la amene akuwononga zinthu, ndipo mwini dzinalo alongedza. Aliyense ankadziwa kuti dzina likapanda kupezeka, wolongedza adzakhala Brubaker.

Tsopano linali Lachitatu, ndipo dzina linali litapezeka.

Nkhani yake inali yosavuta mpaka kuchititsa manyazi. Tibbs akadziwa kuti akankha kutsogolo, thupi lonse limatsamira pa dzanja, zala n'kuphwatalala pa udzu. Akadziwa kuti mpira uponyedwa ndipo iye abwerera m'mbuyo kukateteza woponyayo, zalazo zimangokhudza pansi ngati zikuopa kupsa. Brubaker anaonera maulendo makumi anayi. Zala zinanama kanayi kokha. Mdani aliyense wa maso awiri akanatha kuwerenga zimenezi.

Chisoni chinalipo, pang'ono. Tibbs anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, maondo onse awiri osokedwa, ndipo akachoka pano palibe timu ina imene ikanamutola. Brubaker anaganizapo zimenezi kwa nthawi yokwanira kutafuna donasi limodzi. Kenako chimwemwe chinabweranso. Anaimirira, n'kuzungulira tebulo akuvina kavinidwe kamene anakasiya pa ukwati wa mwana wake wamkazi, mapewa akugwedera, zaka makumi asanu ndi limodzi zitaiwalika.

Chinatsala ndi mboni. Sabata yathayo timu inali itatenga Rondell Ashby, wotchinga wa ku Omaha, timu imene mwezi wa September inawatsekera njira masana onse. Brubaker anasuzumira pakhomo n'kukuwa dzina lake.

Ashby analowa atakoleka thaulo m'khosi.

"Mwandiitana, Kochi? Ngati ndi za malo oimika galimoto aja, sindinadziwe kuti ndi anu."

"Khala apa, mphwanga. Tenga donasi. Tenga awiri, ndiwe mwana wokula."

"Adokotala a timu anandiletsa."

"Adokotala ali muno? Idya. Lero ndi tsiku lalikulu."

Brubaker anayatsa kanema. Anaonetsa dzanja lotsamira, kenako lopepuka, kenako lotsamiranso, uku akumenya tebulo nthawi iliyonse ngati akuimba ng'oma.

"Waona? Kuthamanga. Kuponya. Kuthamanga! Milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikutukwana ana osalakwa, kusintha mapulani, kusintha nsapato, pomwe wakuba ali pompano, akulemba zinsinsi zathu ndi zala. Inu a ku Omaha mumaona ngati ndinu afiti, eti? Ufiti wanu ndi uwu!"

Ashby anayandikira khoma, natsinzinira diso limodzi.

"Eee, zoonadi. Akutsamira."

"Akutsamira! Ha! Bwerezanso, mawu amenewo akundikomera."

"Akutsamira, Kochi. Maso muli nawo, bambo."

"Zaka makumi atatu ndili pa ntchito imeneyi, mwana iwe. Ukubadwa n'kuti ine ndikuonera kale akanema otere."

M'khonde munamveka mawu a kochi wamkulu akulankhula ndi wina, akubwera chakuno. Brubaker anapukuta shuga pa malaya, n'kulemba TIBBS pa kapepala ndi zilembo zikuluzikulu, n'kudula mzere pansi pake kawiri.

"Bwana akalowa, ungonena zimene wanenazi. Uwauze kuti ku Omaha munkawerenga zala za Tibbs."

Ashby anasiya kutafuna.

"Zala? Aaa, Kochi, musandinamizitse. Inu munaimapo pamzere wokankhanirana paja? Thukuta m'maso, anthu akukuwa, chimunthu cholemera ngati firiji chikukupumira kumaso. Ndani ali ndi mpata wowerenga zala za mnzake? Ine zimenezi ndaziona lero, muno."

"Nanga munkadziwa bwanji? Chifukwa munkadziwa!"

"Tinkadziwa, inde. Ligi yonse ikudziwa." Ashby anamuyang'ana modabwa. "Kodi palibe amene anakuuzani?"

Chogwirira chitseko chinayamba kutembenuka.

"Timayang'ana inuyo, Kochi. Mukamva pa kawailesi kanu ka m'makutu kuti mpira uponyedwa, mumangoima manja ali m'thumba. Mukamva kuti anyamata anu athamanga, mumanyamuka m'mbali mwa bwalo, mayadi khumi kutsogolo, kukawadikirira kumeneko mano onse ali pamtunda." Ashby analumanso donasi. "Ku Omaha tinkapemphera Lamlungu lililonse kuti asakuchotseni ntchito."