Madisiki Awiri a Doreen

Panali munthu wina mumzinda wa Duluth, kutsidya kwa nyanja, dzina lake Marvin, nthawi imene makompyuta ankangoyamba kulowa m'nyumba za anthu. Nkhaniyi akuti ndi yoona, ine ndinaimva kwa amene ankapemphera naye.

Mkazi wake, Doreen, ankalemba buku la kafukufuku kuti alandire digiri. Ntchito yonse inali pa disiki imodzi yakuda, ndipo bukulo linkafunika Lolemba. Loweruka Doreen atapita kokagula zinthu, Marvin anati amusangalatse, amukopere disikiyo kuti akhale awiri.

Mlamu wake Lyle anali atamuchenjeza kale. "Alamu, musanakope muzimata kapepala pa kampata ka m'mphepete mwa disiki yantchitoyo. Mukatero kompyuta singalembepo kanthu, ngakhale mutasokoneza. Ndipo muzilembapo mayina."

"Iwe, ine ndimakonza injini za sitima," anatero Marvin. "Ndingapusitsidwe ndi timapulasitiki?"

Kompyutayo inali ndi polowetsera disiki pamodzi pokha, ndiye pokopa unkachita kusinthanitsa: lowetsa iyi, tulutsa, lowetsa inayo, mpaka imalize. Marvin anatsegula dirowa, anapeza disiki yopanda dzina, n'kuifufuta kaye kuti ikhale yoyera. Anaiika patebulo pafupi ndi yantchito ija, imenenso inalibe dzina. Za kapepala sanazilabadire. Pomwepo pa TV kunamveka chimkokomo, timu yake ya masewera a hoke yagoletsa. Mkuluyo anathamanga kukaona.

Pobwerera anangoti kakasi. Madisiki awiri, akuda okhaokha, ofanana ngati mapasa.

"Yantchito ndi yakumanjayi. Ayi, yakumanzere. Kodi paja ndinaigwira ndi dzanja liti?"

Anangotola imodzi, abale inu, n'kuyamba kusinthanitsa. Kompyuta inalira, inalira, kenako inalemba kuti zatheka. Atatsegula disiki yoyamba anapeza mbee! Yachiwiri nayonso mbee! Anazimitsa kompyuta, kuiyatsa, kuimenya pambali. Palibe chinasintha. Anaimbira foni Lyle.

"Alamu, ikuti yakopa bwinobwino, koma zinthu sizikuoneka. Yazibisa kuti?"

"Kapepala kaja munamata?"

"Ayi," anayankha Marvin.

"Ndiyetu yakopadi bwinobwino," anatero Lyle. "Mwakopera yopanda kanthu pa yantchito."

"Zopanda kanthu zimakopeka bwanji? Si zopanda kanthu?"

"Zakopekatu, alamu."

Doreen anafika n'kupeza mwamuna wake thukuta lili kamukamu, kunja kukuzizira, kuli chipale chofewa. Marvin anafotokoza mwachibwibwi. Chodabwitsa, Doreen anaseka.

"Ndiye ukunjenjemera chimenecho? Lyle anandiphunzitsa, ndinakopa ina dzulo. Ili m'dirowamu."

Anatsegula dirowa ija. Anafufuza, anakhuthulira zonse pansi.

"Marvin, inali pamwamba pomwepa, yopanda dzina. Ili kuti?"

Marvin anayang'ana dirowa, anayang'ana mkazi wake, kenako analoza patebulo.

Ine mtima umandiwawa ndikafika apa. Chaka chimenecho anzake a Doreen anavala mikanjo n'kulandira madigiri, iye akuwaombera m'manja pampando wa alendo.

Phunziro: Disiki yopanda dzina si ndiye kuti ilibe kanthu, funsani mwini wake musanaifufute. Wodziwa akakuuzani kuti matani kapepala, matani, ngakhale mumakonza sitima. Tumizirani nkhaniyi onse amene ali ndi kompyuta kunyumba, makamaka aja amati amadziwa kale.