Alamu Anga Pampando wa Kutsogolo

Inu apampando a bungwe lathu la amayi amasiye, mwandilakwira. Ndinakuuzani ndikulira kuti alamu anga anandilanda makina osokera, mwamuna wanga atangoikidwa m'manda. Inu nkhaniyo mwaisandutsa sewero.

Lero muholo, mtsikana wovala duku ngati langa amagubuduka pansi, anthu n'kumaomba m'manja. Alamuwo munawakhazika kutsogolo, pamipando ya alendo olemekezeka. Malaya anavalawo ndinasoka ndine.

Potuluka andigwira paphewa. "Mlamu, ana awa ndi aluso bwanji! Olanda katundu amve ndithu."

Mukuti sewero limasintha mitima. Chabwino. Koma makinawo akadali kuchipinda kwawo, ndipo ana anga ankadyera makina omwewo. Mawa m'mawa ndikukagogoda pakhomo pawo. Inu ndi ng'oma zanuzo mubwera nane kapena ayi? Ndiyankheni.