Mapira a Apongozi

"Kathumba aka musakatsegule, make Tithokoze. Ndi mbewu iyi," anatero apongozi anga mwezi wa Juni. Anabwera nako kuchokera ku Chikwawa kudzakabisa kuno ku Bangwe, poopa kuti njala ikawapanikiza adzadya okha mapirawo. Ankati ife a m'tauni sitigona ndi njala.

Lero mvula yoyamba yagwa, ndipo apongoziwo afika pa minibasi ya masana, matope ali m'mapazi.

Ndawapatsa madzi, ndasesanso pamene ndinasesa kale. Iwo anyamula Tithokoze n'kumukhazika pamwendo.

"Ee, koma mwanayu wanenepa! Mukumudyetsa chiyani, bambo ake ali pakhomo chonchi osagwira ntchito?"

"Phala basi, amayi."

Awerama, akoka kathumbako pansi pa bedi. Kabwera mopepuka. Apisa dzanja, atulutsa mapira osadzaza ngakhale chikhatho. Kenako maso awo aima pa kapu ya mwana ili pawindo, phala lofiirira litaumira m'mbali.

Ndadikira kuti andikalipire. Ndafuna kuwauza za masiku amene mwanayu ankalira mpaka mawu kutha.

Apukuta Tithokoze pamlomo ndi nsonga ya chitenje chawo. Mapira otsalawo awamanga pa nsonga yomweyo.

"Khalani masiku awiri, amayi. Ana anu a Laurenti ayesa kufunsa mbewu kwa anzawo."

"Ayi, mwana wanga. Anzanga akubzala mawa. Ndikalime ganyu m'minda mwawo, mwina wina akandigawirako mbewu. Mundidzutse kusanache, ndikwere yoyamba."